Mano a Mwana wa Wochapa

Mayi Kolala sankayamba ndi moni. Munthu akalowa m'shopu mwawo, maso awo ankathamangira kaye pakhosi pa malaya ake, kenako m'khwapa, ndipo pofika poti “mwaswera bwanji” n'kuti mlandu wa munthuyo atauweruza kalekale. Dzina loti Kolala linachokera pamenepo. Eni ake ankalidziwa dzinalo ndipo silinkawasowetsa tulo. Ankati analipeka ndi anthu auve, ndipo munthu wauve alibe china choti angamuchite munthu waukhondo koma kumupatsa dzina.

Shopuyo inali yochapa ndi kusita zovala, chipinda chimodzi chachitali chopanikizika pakati pa wometa tsitsi ndi wogulitsa zitsulo zakale za galimoto. Kutsogolo kunali kauntala, kumbuyo makina awiri ochapira, sinki yaikulu ya simenti, thebulo lositirapo, ndi shelefu ya mabotolo opanda zilembo imene wina akangoigwira ndiye kuti ntchito yamuthera. Tisawanamizire, ntchito yawo ankaidziwa. Inki, dzimbiri, mafuta a injini, magazi, thukuta la chaka chatha, zonsezi zinkagonja m'manja mwawo. Analinso ndi chiphunzitso chimene ankalalikira kwa aliyense, wofunsa ndi wosafunsa yemwe. Ankati banga likamachoka, chakuda chimayamba kuthawa n'kusiya chikasu, ndipo waulesi amalekera pachikasupo n'kumati wachapa. Wochapa weniweni amanyikanso n'kukwechanso mpaka nsalu iyere mbee.

Ana awo akuluakulu anali atachoka pakhomo, aliyense atangopeza mpata. Anatsala ndi mzime, mtsikana wa zaka zisanu ndi ziwiri amene mumsewu monse ankamutchula kuti Kadoli, chifukwa ankavekedwa zoyera kuyambira riboni mpaka sokosi. Akaweruka kusukulu ankamukhazika pa kampando pafupi ndi kauntala, osaloledwa kutsika, osaloledwa kudya chilichonse chodontha. Ena chikwangwani cha shopu amalemba ndi penti, koma Mayi Kolala chawo anachita kubereka. Kasitomala akalowa, mwanayo ankauzidwa kuti amwetulire, ndipo timano take taubwana tinali toyera ngati mpunga.

Chaka chimenecho timano takutsogolo tinagweluka, m'malo mwake n'kumera mano anayi, awiri m'mwamba awiri m'munsi, akuluakulu ngati obwereka. Nthawi yomweyo mwanayo anayamba kufooka, kumangosinza pa kampando paja, zikhatho zitayezuka. Kuchipatala anati magazi achepa, ndipo anawapatsa botolo la mankhwala amadzi oderapo, oti azimwa supuni imodzi m'mawa ndi madzulo kwa miyezi itatu. Namwino anafotokoza zambiri ndithu. Ananenapo za kumwera pa kapaipi, ananenaponso za kuchukucha m'kamwa akangomeza. Koma yunifolomu ya namwinoyo inali yothimbirira m'mphepete mwa matumba, ndipo Mayi Kolala sankamvera uthenga wotuluka m'chovala chotero. Analandira botolo n'kutuluka akutsonya chamumtima.

Mwana anachira, masaya anabwerera. Koma patatha mwezi, m'mphepete mwa nkhama munadutsa kamzere kakuda, ndipo kamzereko kanafalikira mpaka mano onse, atsopano ndi akale omwe, anaoneka ngati a munthu wotafuna makala. Mayi Kolala anagula mswachi wolimba, anasintha mankhwala otsukira mano katatu, koma chakudacho sichinasunthe. Pamenepo analamula mwana kuti kumwetulira kwaimitsidwa kaye, makasitomala azingowagwedezera mutu.

Mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri amaiwala. Tsiku lina kunalowa mkazi wa wometa tsitsi uja atanyamula makatani, ndipo anamuseketsa Kadoli ndi kankhani ka mphaka wawo. Mayi ameneyu anali ndi chifukwa chake. Chaka chapitacho Mayi Kolala ananyamula m'mwamba matawulo a mwamuna wake pamaso pa makasitomala, n'kufunsa ngati anali opukutira anthu kapena injini. Tsono ataona m'kamwa mwa mwanayo anawerama, anayang'anitsitsa mosathamanga, kenako anaweramuka nkhope ili ngwee.

“Koma madamu, mwana wa ochapa ameneyu?” anafunsa mokoma. “Mumayeretsa za eni, zanu zili bii chonchi? Kapena m'kamwamu makina safikamo?”

Pofika madzulo nkhani inali itayenda msewu wonse. Anthu amene chibadwire sanachapitsepo ngakhale mpango anayamba kulowa, ati kudzafunsa ngati amachapanso mabulangete, maso ali pa mwana. Wogulitsa zitsulo uja, munthu wakuda zikhadabo ngati wofukula manda, anaima pakhomo n'kumuuza Kadoli kuti amusekerere amalume ake. Mayi Kolala anamva ngati awavula pamsika. Ananyamula kampando kaja n'kukakaika kuseri kwa makina.

Kuseriko kunkakhala mayi wosita, munthu wa zaka za m'ma fifite, wosalankhulalankhula, amene anagwira ntchito pamenepo zaka zisanu ndi zinayi osamvapo zikomo. Anaimika simbi yake n'kunena motsitsa mawu kuti mwana wa mng'ono wake zinamuchitikirapo zomwezi atamwa mankhwala a magazi omwewa, ndipo dokotala wa mano anazichotsa nthawi yochepa, mwana osalira n'komwe. Anati si uve ayi, ndi mankhwalawo.

Mayi Kolala anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku masilipasi. Wositayo anali ndi magweru awiri, ndipo iwo anaona kuti kulangizidwa za mano ndi munthu wotero kunali chipongwe chachiwiri pa tsiku limodzi. Anamuuza kuti malaya a aphunzitsi akudikira simbi. Mumtima anali atagamula kale. Iwo akakhale pa benchi limodzi ndi anthu otupa masaya, omanga nsagwada ndi mipango, onunkha m'kamwa? Akapereke banga la m'nyumba mwawo kwa mlendo kuti awachotsere, ngati kuti iwo manja anaduka? Banga ndi banga, kaya lili pa nsalu kaya pa dzino. Anthu akale anati safunsa anadya phula, koma Mayi Kolala ankakhulupirira kuti mwambiwo unapekedwera anthu ena.

Anayamba m'mawa mwake, shopu isanatsegulidwe. Anachita monga ankachitira ndi kolala yovuta: kunyika kaye, kukwecha pambuyo. Ankafinya ndimu m'kasosala, kuviikamo thonje, n'kulimata pa mano anayi akutsogolo aja, mwana atakhala pansi, mutu uli pakati pa mawondo awo. Ankayang'ana wotchi ya pakhoma mpaka mphindi khumi zikwane. Akachotsa thonje ankakulunga chala ndi kansalu koyera, kuviika mu soda wosakaniza ndi mchere, n'kuyamba kukwecha. Mano akumbuyo sanavutike nawo. Ndani amasuzumira kumbuyo? Ntchito imeneyi inkachitika kawiri pa tsiku, m'mawa ndi mwana akaweruka.

Patsiku lachinayi chakuda chija chinayamba kugonja. Pofika Loweruka chinali chitachokeratu pa mano anayiwo, ndipo Mayi Kolala anaimba nyimbo akuyanika mashiti, zimene wosita anali asanazimvepo. Koma atamutengera mwana pawindo kuti aone bwino, anaona chimene ankachiyembekezera. Poyerekeza ndi timano taubwana toyera tija tinagweluka, mano atsopanowo ankaoneka achikasu. Palibe anawauzapo kuti dzino lachikulu silimera loyera ngati laubwana, ndipo akanawauza wina sakanamva. Iwo chikasu ankachidziwa bwino. Chikasu ndi polekera aulesi.

Mphindi khumi zinasanduka khumi ndi zisanu. Ndimu imodzi inasanduka ziwiri. Kansalu kataoneka kofewa anatenga kaburashi kawo kokwechera makolala, kaja ka ubweya wolimba, n'kukadula kuti kakwane m'kamwa mwa mwana. Chodabwitsa n'chakuti akamakwecha kwambiri, chikasucho chinkakulirakulira m'malo mochepa. Iwo anati ndi mwano wa banga, ndipo banga lamwano analiona kambirimbiri. Lina limakana milungu itatu, koma pamapeto pake limadziwa mwini shopu.

Kadoli sankakuwa. Masiku oyamba ankalira mwakachetechete, misozi ikutsikira m'makutu, ndipo mayi ake ankamuuza kuti kukongola kulibe njira yachidule, adzawathokoza akadzakula. Kenako anasiya ngakhale kulirako. Akamva mpeni ukudula ndimu ankabwera yekha, kukhala pansi, kutsamira, n'kuyasama. Wosita ankatembenukira kukhoma n'kumasita malaya amodzimodzi mpaka kutsala pang'ono kuwawotcha. Kamodzi anayesanso kulankhula, akuti nkhama za mwana zikutuluka magazi, koma anafunsidwa ngati ali ndi ntchito ina imene ikumudikira kwina. Anali ndi ana atatu a sukulu, ndiye anameza mawu ake.

Milungu isanu ndi umodzi inatha chonchi. Mwana anasiya kumwa madzi ozizira, ankayamba wawaika padzuwa. Popita kusukulu m'mawa ankatseka pakamwa ndi dzanja kuti mphepo isamulowe. Buledi ankachita kunyema tizidutswa n'kumatilowetsera m'mbali, tiyi ankadikira mpaka atapola. Kuseka anasiyiratu, poti kuseka kumafuna mpweya ndipo mpweya unkamulasa. Mayi Kolala anaona zonsezi n'kukondwera kuti mwana wayamba ulemu pa kadyedwe, sakuchitanso phokoso ngati ana a anthu oyandikana nawo.

Bambo a Kadoli anali dalaivala wa lole yonyamula katundu, ndipo ankabwera pakhomo kawiri pa mwezi. Anali munthu wa eya. Zaka makumi atatu za banja zinawaphunzitsa kuvula nsapato panja, kukhala pamphepete pa mpando kuti asakwinye nsalu, ndi kuvomera asanamve funso. Tsiku lina masana anafika ku shopu atagula zoziziritsa kukhosi, n'kumutsegulira mwana wawo botolo lochita thukuta. Kadoli anakana, koma bambo ake anamukakamiza mwachikondi. Atangopsontha kamodzi, botolo linagwa n'kusweka, mwana anagwira pakamwa ndi manja onse awiri, akupondaponda pansi, mawu osatuluka.

Mayi Kolala anathamangira chokolopera. Bambowo anagwada, anachotsa manja a mwana pakamwa, ndipo anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anayang'ana wosita, wosita anayang'ana kasosala ka ndimu pa shelefu, ndipo nkhani yonse inathera pamenepo popanda wotsegula pakamwa.

“Amake mwana, mawa tipite naye kwa dokotala wa mano,” anatero bambowo.

Mayi Kolala anadabwa kwambiri moti anaiwala kukana. Atalingalira anaona kuti mwina n'zothandiza. Madokotala amakhala ndi mankhwala amphamvu amene sagulitsidwa m'mashopu, ndipo iwo akangolimva dzina lake, chotsalacho amaliza okha. Anangolamula kuti kukhale kutali, mbali ina ya tawuni, kumene kulibe wowadziwa.

Anakwera mabasi awiri. Chipinda chodikirira chinali monga ankaganizira: mipando ya pulasitiki, fani yafumbi, mwamuna wina atagwira tsaya akubuula, mayi wina akuyamwitsa mwana wa mamina. Mayi Kolala anayala mpango pampando asanakhale, ndipo chikwama anachiika pamiyendo. Ataitanidwa anapeza kuti dokotalayo ndi mtsikana, wochepa msinkhu kuposa mwana wawo woyamba, tsitsi lometa, kadontho ka inki kali pa thumba la chovala chake choyera. Anaona kuti atayitsa nthawi.

Anafotokoza mwachidule, monga bwana polamula wantchito. Anati mwanayu anamwa mankhwala a magazi, mano anada, ndipo akutsogolowa akukana kuyera, pali chikasu chimene chikufunika mankhwala amphamvu. Za ndimu sananene, poti chinsinsi cha ntchito sauza aliyense.

Dokotala anamugoneka Kadoli pampando wautali uja, anayatsa getsi, n'kulowetsa kagalasi m'kamwa. Anayang'ana kumbuyo, anayang'ana kutsogolo, anabwereranso kumbuyo. Atapopera kampweya pang'ono pa mano akutsogolo, mwana anadzidzimuka thupi lonse, zidendene zikumenya mpando. Dokotala anapepesa kwa mwanayo, osati kwa mayi ake. Kenako anatenga kamakina kokhala ndi kamphira kozungulira kunsonga, anapakapo mankhwala, n'kukagunditsa pa dzino limodzi lakumbuyo, lakuda bii. Kanalira pang'ono chabe. Atapukuta ndi thonje anawaitana makolowo kuti aone, ndipo dzinolo linali loyera, losalala, lopanda chilema.

Anafotokoza kuti chakudacho chimachokera ku mankhwala a magazi aja. Chimangokhala pamwamba ngati mwaye pa poto, sichiboola dzino, sichipweteka, ndipo m'kamwa monse akanamaliza theka la ola lisanakwane. Mayi Kolala anamva kutentha kumaso, koma anadzilimbitsa n'kufunsa kuti nanga chikasucho achichotsa ndi chiyani.

“Chikasuchi sichichoka, mayi,” anatero dokotala. “Si dothi. Ndi m'kati mwa dzino. Dzino limakhala ndi chikuto cholimba pamwamba, ndipo mwa mwana chimakhala chisanakhwime. Apa chadyeka, chatsala chopyapyala moti zam'kati zikuonekera. N'chifukwa chake madzi ndi mphepo zikumulasa.”

Bambo a Kadoli anafunsa ngati chikutocho chimameranso. Dokotala anati sichimeranso. Anafunsanso ngati manowa adzagweluke n'kumera ena, ndipo anauzidwa kuti amenewa ndi omaliza, ndi amene adzakalambe nawo. Chimene angachite n'kuwamata kuti ululu uchepe. Zomatazo zimatha, ndiye azidzamatanso, n'kumatanso, ndipo akadzakula adzafunika kuwaveka zisoti. Mwanayu azidzakhala pampando umenewu moyo wake wonse chifukwa cha mano anayi amene anamera abwinobwino miyezi ingapo yapitayo.

Kenako dokotala anazimitsa getsi, anakweza mpando kuti mwana akhale tsonga, n'kutenga cholembera.

“Izi sizichitika zokha. Wina wakhala akuwanyika m'chinthu chowawasa n'kumawakwecha ndi chinthu cholimba, kwa nthawi yaitali. Nkhama zonsezi ndi mabala. Ndiyenera kulemba. Ndani?”

Bambowo, kulimba mtima kwawo kwa dzulo kunali kutatha, ankayang'ana nsapato zawo ngati akuziona koyamba. Mayi Kolala chibadwire anali asanasowepo chonena, ndipo tsopano ankaopa kamtsikana kometa tsitsi kogwira cholembera. Ankaopa pepalalo, kumene lipite ndi amene akaliwerenge. Ankaona mkazi wa wometa akuimva nkhaniyi, akuiikira mchere, akuyenda nayo khomo ndi khomo. Anafinya chikwama pamiyendo ndi manja onse awiri.

Kadoli ankawayang'ana. Anali asanaonepo mayi ake akuchita mantha, ndipo zinamuopsa kuposa ndimu.

“Ndine,” anatero, dzanja lili pafupi ndi pakamwa. “Ndimatenga mandimu a amayi akatuluka. Ndimakwecha ndekha.”

Dokotala sanalembe. Sanali mwana woti anganamizidwe ndi bodza laling'ono chonchi, ndipo sanabise kunyansidwa kwake. Anaika cholembera pathebulo, anapinda manja, n'kuyang'ana Mayi Kolala m'maso, kuwapatsa mpata wonse umene mayi angafune kuti alanditse mwana wake. Anadikira. Fani inkazungulira, panja mwamuna uja ankabuulabe. Bambowo anadzutsa mutu pang'ono, nawonso akudikira.

Chochititsa manyazi n'chakuti mtima wa Mayi Kolala unakhala pansi. Anamva kupepukidwa, ndipo anadziwa bwino lomwe chimene chawapepuza. Anakonza chikwama pamiyendo, anakhosomola pang'ono, mawu awo akale n'kubwerera.

“Ndakhala ndikumuletsa, adokotala,” anatero. “Koma mwana ameneyu samva.”

Kadoli anagwedeza mutu kuvomereza kuti samvadi.